Telala atasokedwa: ndemanga yanga pa chithandizo cha dzanja chomwe ndinalandira ku Tete

Ndine telala. Ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa ku Ulongwe kwa zaka 19, pa makina a Butterfly opalasa ndi phazi omwe anandisiyira malume anga. Masiku ano makasitomala akandiona ndagwira sizasi amayamba kufunsa za dzanja m'malo mwa nsalu yawo, ndipo ndatopa kufotokoza nkhani imodzimodzi ndili ndi mapini kukamwa. Choncho wofuna kudziwa ngati chithandizo cha manja cha kumusi ku Tete n'choyenera ndalama ya chapa (minibasi), awerenge apa. Mayina a zipatala ndi a anthu amene anandigwira sinditchula, poti pali zina zimene ndidandaule.

Zinachitika mu Seputembala chaka chatha, tikufolera nyumba ya alamu anga ku Domwe mvula isanagwe. Lata linaterereka padenga, ine n'kuliwakha ndi dzanja lamanja ngati mpira. Linandicheka m'tsinde mwa zala ziwiri, chapakati ndi cha mphete, mbali ya kuchikhatho. Bala lake silinali loopsa kuliona, chala chilichonse sipanapose masentimita awiri. Tinamanga kansalu n'kuthamangira kukachipatala kakang'ono, komwe anatsuka, nandibaya jakisoni wa kafumbata, n'kusoka khungu. Anasoka bwino ndithu, mzere wake ndinauyamikira monga mmisiri mnzawo. Koma palibe amene anati, "Tafumbatani dzanja tione." Pamenepo ndi pomwe ndinataya masiku asanu.

M'masiku amenewo ndinkaona kuti ndikagoneka dzanja pabondo, zala zina zikupindika zokha monga zimachitira kwa munthu aliyense, koma ziwirizo zili njo, ngati zikuloza wakuba. Ine ndinkati n'kutupa chabe. Amene anandikakamiza ndi mayi a kunyumba: "Bambo a ana, zala zosapindikazo mudzasokera chiyani? Mawa mukwere njinga."

Kuchipatala chachikulupo ndinakumana ndi tekiniko wa opaleshoni, munthu wophunzitsidwa kuchita opaleshoni ngakhale si dokotala. Kwa amene sadziwa, dziko lathu la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu amenewa mu 1984, madokotala atachepa kwambiri pambuyo pa ufulu wa 1975, ndipo m'zipatala za m'madisitiritu ndi iwo amene amachita maopaleshoni ambiri, makamaka a amayi ovutika pochira. Bamboyu sanachedwe. Anagwira chala pakati n'kundiuza kuti ndipinde nsonga yokha. Zii. Anagwira zala zinazo zowongoka n'kuti ndipinde mfundo ya pakati. Zii. Kenako ananditsinzinitsa n'kumandilasalasa ndi kasingano m'mbali mwa zala. Mbali imodzi ya chala cha mphete sindinamve kanthu. Anati, "Bambo, zingwe zaduka zonse. Mimba ndimatsegula, koma apa sindigwirapo. Pafunika ulusi umene ine ndilibe ndiponso munthu amene anazolowera ntchito imeneyi." Analemba giya, kalata yonditumiza ku Tete, nthawi yomweyo. Munthu wodziwa pomwe luso lake lathera ndimamulemekeza, chifukwa pantchito yathu alipo ambiri amene amalandira nsalu ya suti asanasokepo ngakhale jekete.

Apa ndiyambe ndafotokoza chimene chinandisokoneza ine. Pachinyanja timangoti mtsempha, koma m'chala muli mitundu itatu: wa magazi, wa kumva, ndi wokoka chala, umene Apwitikizi amati tendão, ine n'kumauti chingwe. Minofu yopinda zala ili kumkono, zala zimangokokedwa ndi zingwe zochokera kumeneko. Chala chilichonse chili ndi zingwe ziwiri zopindira, china chofika kunsonga, china chothera pa fupa lapakati. Chala chachikulu chili ndi chachitali chimodzi. Zikaduka, mbali ya kumtunda imathawira m'chikhatho chifukwa mnofu ukukoka, monga lasitiki wa m'chiuno mwa siketi akaduka. Sizilumikizana zokha ngakhale mutadikira chaka. Mukachedwa masabata opitirira atatu, mnofu umakhala utafupika, ndiye kulumikiza nsonga ndi nsonga kumavuta, mpaka kukachotsa chingwe kwina n'kudzaika chigamba.

Abale anandilangiza kuti ndingodutsa pa Calomue kulowera ku Dedza, poti kwa ife a ku Angonia Lilongwe ndi pafupi kuposa Tete. Ndinaganizaganiza, koma giya inali kale m'thumba, komanso mlongo wanga amakhala ku Matundo, kumene ndikanagona osalipira. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200, kutsika kuchoka kozizira kuno, kudutsa pa Mussacama ndi Moatize, kukafika komwe mphepo imawomba ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa.

Kulandiridwa kwake sikunandisangalatse. Tsiku loyamba ndinakhala pa bisha, mzere wodikira, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litapendeka. Atandiona anandipatsa tsiku, tsikulo litafika anati kwabwera angozi ya pamsewu othyoka miyendo, ndidikire mawa. Zimenezo ndinazimvetsa, mwendo wothyoka fupa litatulukira kunja sungadikire chala cha telala. Chimene sindinachimvetse n'chakuti palibe amene anabwera kudzandiuza. Ndinakhala osadya kuyambira usiku mpaka 3 koloko masana, n'kuchita kumva kwa mayi wokolopa. Anandichita opaleshoni tsiku lachisanu ndi chinayi chichitikire ngozi.

Opaleshoniyo ndilibe nayo mawu oipa. Anandibaya m'khwapa mkono wonse n'kufa dzanzi, n'kumanga lamba wothina kumtunda kuti magazi asasokoneze. Ndinali maso, ndikumva akulankhulana Chipwitikizi. Adokotala a mafupa anakulitsa bala mokhotakhota ngati msoko wa zigizagi, akuti chipsera chowongoka chodutsa pa mfundo chimadzakoka chala chikamauma. Anafunafuna nsonga zothawa zija, n'kuzisoka, ndipo mtsempha wa kumva anaulumikiza ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi. Mawa lake atabwera kudzandiona, nditawauza ntchito yanga, anaseka n'kundijambulira papepala msoko umene anagwiritsa ntchito, wotchedwa dzina la dokotala wina, Kessler: ulusi umalowa m'litali mwa chingwe, n'kukoleka m'mbali, n'kubwerera. Anati anadutsitsa ulusi kanayi pamalo oduka, kenako n'kuzunguliza msoko waung'ono wosalaza kunja, monga timachitira ndi ovaloko kuti nsalu isayoyoke. Kafukufuku wa madokotala a manja anaonetsa kuti ulusi ukadutsa kanayi msoko umalimba kuposa ukadutsa kawiri, ndipo n'chimene chimalola kuti chala chiyambe kuyendetsedwa msanga.

Chimene chinandilowa kwambiri m'mutu ndi nkhani ya timphete. Zingwezi sizingolendewera m'chala, zimadutsa m'kanjira kothina kokhala ndi timphete tozigwirizira ku fupa. Telala aliyense akudziwa kuti ulusi wa makina umadutsa m'timakoleko tingapo usanafike pa singano, ndipo ukaumanga mfundo yaikulu umakodwa pa kakoleko koyamba. N'chimodzimodzi. Msoko ukhale wolimba koma wosatupa, apo ayi sudutsa. Malo amene ndinachekeka ine, kuyambira pa mzere womaliza wa m'chikhatho kufika pakati pa chala, ndi pomwe zingwe zonse ziwiri zimapanikizana m'kanjira kamodzi. Dokotala wa ku America, Sterling Bunnell, amene amatchedwa tate wa opaleshoni ya manja, anawatcha malowa dzina la kunkhondo, lotanthauza dziko lopanda mwini la pakati pa magulu awiri omenyana. M'nthawi yake zotsatira zinkakhala zoipa moti ankalangiza kuti pamenepo angotseka khungu, chingwe adzaike chigamba pambuyo pake. Dokotala wa ku Switzerland, Claude Verdan, ndi wina wa ku Louisville ku America, Harold Kleinert, ndi amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti n'zotheka kusoka nthawi yomweyo. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha: kani anzathu a kukachipatala kaja anandichita za nthawi ya Bunnell osadziwa.

Koma amene ndikufuna kuwalembera kwenikweni ndi mayi wa kuchipinda cha fiziyo, komwe amaphunzitsa wodwala kuyendetsanso chiwalo chovulala. Ndinapita ku Tete ndikuganiza kuti akangosoka basi nkhani yatha, kwatsala n'kudikira bala lipole. Ayi ndithu. Tsiku lachinayi anandilowetsa m'kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi, fani yolira ngati chigayo, ndi mayi wina wamfupi wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja chothyokathyoka. Mawu awo oyamba anali akuti, "Bambo, adokotala achita theka. Theka linalo ndi lanu, ine ndingokhala kapitawo."

Anandifotokozera motere. Bala likamapola limatulutsa zomata, ndipo zomatazo sizisankha. Zimamata chingwe ku chingwe chinzake, ku timphete, ku fupa. Chala chikangokhala duu masabata anayi, chingwe chimapola ndithu, koma chitamatirira, moti chala chimauma gwa. Ukachikoka mwamphamvu, msoko umaduka. Ndiye ntchito yonse ili pakatipo, kuyendetsa chingwe pang'ono osachisenzetsa katundu. Anatchula za madokotala awiri, Duran ndi Houser, amene mu 1975 anafotokoza kuti chingwe chikamasuntha mamilimita atatu mpaka asanu okha zimakwanira kuti chisamatirire. Ndinatulutsa tepi yanga m'thumba n'kuyang'ana mamilimita asanuwo. Ndi kamtunda kochepa kuposa mpata umene ndimasiya pamsoko wa malaya.

Chikhakha chimene anandiika, chomwe kumeneko amati jeso, chinali cha kuseri kwa dzanja kokha, kuchoka pamkono mpaka kunsonga za zala, chopindika pa mfundo za m'tsinde mwa zala. Ntchito yake inali kuletsa zala kutambasuka mopitirira muyeso, koma kuchikhatho kunali kotsegula kuti ndizizipinda. Ola lililonse ndili maso ndinkamasula bandeji, n'kupinda mfundo iliyonse ndi dzanja lamanzere kakhumi, kenako n'kuwongola zalazo zokha mpaka zikhudze chikhakha. Kutupa kutachepa anawonjezera china: kupinda ndi dzanja lamanzere, kusiya, zalazo n'kuzigwira pomwepo mopepuka ngati ndafumbata dzira. Anati kale Kleinert ankamata lasitiki kuchikhadabo kuti azikoka chala, ndipo ena amachitabe, koma kuyambira pamene madokotala a ku Belfast anafalitsa zotsatira zawo mu 1989 ambiri anayamba kulola wodwala kupinda yekha pang'onopang'ono ngati msoko uli wolimba.

Mayiyu anali wokhwimitsa zinthu, ndipo poyamba ndinkaona ngati akundinyoza. Anandichenjeza kuti nthawi yoopsa ndi kuyambira kumapeto kwa sabata yoyamba kufika yachitatu, pamene ululu watha, munthu akudzimva kuti wachira, koma nsonga za chingwe zafewa ndipo chikugwira ndi ulusi wokha. Osatola kapu, osamanga batani, osaponya nsima ndi dzanja limenelo. Kudya ndi lamanzere pamaso pa alamu anga kunandichititsa manyazi kuposa bala lenilenilo. Umboni wa chenjezo lawo unali pabenchi pomwepo: mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto ku Moatize anafinya buleki sabata yachitatu, anangomva kuti du, chala n'kuwongokanso. Ankadikira opaleshoni yachiwiri.

Inenso ndinachita zanga zopusa. Mu Okutobala ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, m'chikhakha munkayabwa ndi thukuta mosaneneka. Ndinalowa m'sitolo ina ya mankhwala n'kufotokoza vuto langa, mnyamata wogulitsa n'kunditulutsira chomangira dzanja chakuda, chomatira, chokhala ndi kachitsulo mkati, n'kunditsimikizira kuti ndi chomwecho. Ndinalipira 850 meticais pa e-Mola, ndalama za pafoni. Mwamwayi ndinapita nacho m'thumba osachivala. Mayi aja atachiona anagwira pakamwa: "Ichi chimagwira mkono, zala chimazisiya pamtunda. Mukanagona nacho usiku umodzi, mukanatambasula zala kutulo, basi tikanayambiranso." Kusitolo anakana kubweza ndalama poti ndinali nditatsegula pepala. Chili m'kabati mpaka lero. Aliyense amene wasokedwa zingwe za zala asagule chinthu chimenechi, ngakhale chioneke chokongola kuposa jeso.

Chimene ndinakonda kwambiri ndi kuyeza. Ulendo uliwonse ankayeza mfundo iliyonse ndi karula kopindika kowerenga madigiri, ndiponso mtunda wochoka kunsonga ya chala kufika pa mzere wa m'chikhatho, n'kulemba m'kope ine ndikuona. Ntchito yanga ndi ya miyeso, choncho munthu akandiuza kuti "zikuyenda bwino" sindikhutira, koma akandionetsa kuti sabata yatha panali masentimita 5 lero pali 4, ndimagona tulo. Nkhani ya dzanzi nayo anaiika pa tepi. Mtsempha wa kumva ukalumikizidwa umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, utayamba wakhala kaye masabata angapo. Kuchokera pabala kufika kunsonga ya chala changa panali masentimita 6. Ankagogoda pang'ono m'mbali mwa chala, pomwe ndamva ngati magetsi n'kuikapo kadontho ka bolopeni, ndipo mwezi ndi mwezi kadonthoko kankakwera. Anandiletsa kugwira simbi yamakala ndi dzanja limenelo, chifukwa chala chadzanzi chimapsa mwini wake osadziwa.

Pabenchi paja ndinaonapo zimene sindidzaiwala. Nyengo ya mango itayamba kunadzaza ana ogwa m'mitengo, ambiri othyoka pamwamba pa chigongono. Panali kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, kamene kanathyoka chaka chapitacho, kwawo n'kukamanga ndi timitengo ndi luzi mothina kwa masiku angapo. Mkono unatupa mkati, magazi osayenda, minofu n'kufa. Fupa linalumikizana bwinobwino, koma dzanja linakhota ngati phazi la nkhuku yowotcha. Mayi aja anati vuto limeneli analifotokoza dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, mu 1881, ndipo chizindikiro chake ndi mwana kulira mosatonthozeka, makamaka ukamuwongola zala. Agogo ake ankangoti, "Tinkati akulira fupa." Sindinganyoze onse omanga mafupa kumudzi, inenso anandimangapo mwendo ndili mwana. Koma mkono wa mwana umenewo ndinauona ndi maso anga.

Zodandaula zilipo. Mayiyu anali yekha pa anthu ochuluka, moti nthawi zina ndinkalowa mphindi khumi nditadikira maola atatu. Pepala la malangizo linali la Chipwitikizi chokhachokha, lopanda chithunzi; ine ndinafika kalasi yachisanu ndi chimodzi ndiye ndinkagwirako, koma agogo a mwana uja ankangolipinda n'kumanga pa kapulana. Ndinachita kupempha mwana wa mlongo wanga kuti ajambule vidiyo pafoni mayiwo akundionetsa, ndipo vidiyo imeneyo ndi imene inandithandiza nditabwerera kumudzi. Chikhakha chinathyoka kawiri, ulendo wina jeso anali atatha mpaka ndinakagula ndekha. Koma chachikulu ndi mtunda. Kuchipatala ndinalipira zochepa kwambiri, chimene chinandidya ndi msewu. Masabata anayi oyamba ndinakhala ku Matundo, makina ali ovindikira ku Ulongwe. Pambuyo pake ndinkatsika kamodzi pa masabata awiri, ndipo chapa kupita ndi kubwera inkadya ndalama yoposa ya mayunifomu asanu. Tinagulitsa matumba a kachewere amene tinasungira mbewu. Mlimi wa ku Tsangano wopanda mbale mumzinda sindikuona kuti angakwanitse bwanji, ndipo mayi aja anavomera kuti ambiri a kumtunda kuno amabwera kawiri kenako osaonekanso, n'kudzatulukira patapita miyezi chala chitauma.

Chikhakha anandichotsa masana pa sabata yachisanu ndi chimodzi, usiku ndinkavalabe. Anandiphunzitsa kutikita chipsera ndi Vaseline kuti chifewe. Sabata yachisanu ndi chitatu anandipatsa siponji yofinya m'madzi ofunda, kenako mapegi a zovala. Sizasi yaikulu yodulira nsalu anandiloleza pa sabata ya 12, osati tsiku limodzi m'mbuyo, ngakhale ndinachonderera kuti Khirisimasi yayandikira ndipo anthu akufuna madiresi. Alamu anga aja, eni denga, ankandiseka kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe koma ine ndatsala ndi zitatu, ndidandaulanji. Anandilipirira chapa maulendo awiri, choncho ndinawakhululukira.

Mukandifunsa ngati ndingatumizeko m'bale wanga, ndingamutumize, bola apite ali ndi pogona, wina womutanthauzira, ndi foni yojambula. Ngati sangathe kukhala pafupi mwezi woyamba, anene poyera kwa adokotala asanamusoke kuti apangane mmene achitire.

Lero chala chapakati chimafika pachikhatho. Cha mphete chimatsala sentimita imodzi ndi theka, mfundo ya kunsonga imangogwedera pang'ono, ndipo kukazizira kuno mu Juni chimauma m'mawa mpaka ndichiviike m'madzi ofunda. Singano ndimaimva ikandibaya, koma kusiyanitsa nsalu ya poplini ndi ya tetironi nditatsinzina, monga ndinkachitira kale, chala chimenecho sichitha. Ndimasoka tsiku lonse, kudula jinzi yokha ndi kumene ndimapatsa mnyamata wanga. Adokotala anati chingwe sichinaduke, changomatirira, ndipo angathe kutsegulanso n'kuchimasula, koma ndiye kuti mawa lake lomwe ndiyambirenso fiziyo tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo ku Tete. Mayi a kunyumba akuti ndipite. Ine ndawauza kuti tikambirane mayunifomu a Januwale akatha, ndipo kachewere wa chaka chino tione kaye mtengo wake.